Sewero la tchuthi chino tilitenge pakhomo pathu

Anzathu omwe sanafike pa msonkhano wa Loweruka lapitali anapempha kuti mawu omwe alangizi a kalabu yathu anayankhula tiwaike pano. Nawa, tangodulako malonje.

A Wapampando, akomiti, achimwene ndi achemwali nonse, komanso inu anzathu mwapalasa njinga kuchokera ku Ulongwe ndi ku Mwima, zikomo pondipatsa mpata. Mwandiuza kuti ndisadutse mphindi 20. Ndiyesetsa, koma a Wapampando musandiyang'anitsitse kwambiri wotchi ikamathamanga.

Tonse tagwirizana kuti tchuthi chikubwerachi tikonze sewero. Pomwe tasiyana ndi pa kayambidwe kake. Ena akuti tidikire kaye bungwe lina libwere ndi mutu wa nkhani, malaya ndi ka alawansi. Ena akuti tiyambe tokha ndi zomwe tili nazo. Ine ndili kumbali yachiwiriyi, ndiye ndiloleni ndifotokoze chifukwa chake.

Sindikunyoza masewero a mabungwe, ayi. Sewero la kolera lathandiza anthu kusamba m'manja, ndipo sewero la maukwati a ana labweza atsikana ena kusukulu. Koma tinene zoona, masewero amenewa tonse timadziwa mathero ake asanayambe. Pamakhala bambo chidakwa, mayi wozunzika, mtsikana wotenga pathupi, kenako kumalowa mlangizi atanyamula fayilo n'kulongosola zonse bwinobwino. Anthu amaseka, amaomba m'manja, pofika pachigayo aiwala. Sewerolo linabwera ndi yankho lake m'thumba, ndiye woonera analibe ntchito ina koma kugwedeza mutu. Ndipo pulojekiti ikatha, malaya aja akasuluka, gulu la zisudzo nalo limatha. Eti si zimene takhala tikuona?

Chomwe ambiri simudziwa n'chakuti njira ina yochitira zisudzo inayesedwa konkuno kwathu. M'zaka za m'ma 1980, Balaka ikadali pansi pa Machinga, paja inadzakhala boma palokha mu 1998, ophunzira a ku Chancellor College a gulu la Travelling Theatre ankabwera ku Mwima ndi ku Mbela. Ankagwira ntchito ndi nthambi ya zaumoyo wa m'midzi yomwe inali ku Liwonde, mothandizidwa ndi dziko la Germany, ndipo owatsogolera anali aphunzitsi awo monga a Chris Kamlongera ndi a David Kerr. Iwowa sankafika ndi sewero lolembalemba. Ankayamba akhala pansi ndi anthu, kumva madandaulo awo pa nkhani za zitsime, zimbudzi ndi kutalika kwa chipatala, kuphunzira nyimbo za pamudzipo, kenako n'kupanga sewero m'Chichewa. Sewero likafika pothina, wosewera ankatembenukira kwa anthu n'kuwafunsa kuti apa ndichite bwanji? Anthu ankayankha, ankatsutsana, mpaka nkhani ya m'sewero inkasanduka msonkhano weniweni wa mudzi. Amene muli ndi agogo ku Mwima kawafunseni, mwina ena anaonerera ndi maso awo.

Komatu ngakhale a Kerr omwewo anadzalemba pambuyo pake mochenjeza kuti zisudzo zachitukuko zikhoza kusanduka chimkuzamawu cha yemwe wapereka ndalama, anthu a m'mudzi n'kumaoneka ngati akutenga mbali pomwe zonse zinakonzedwa kale kuofesi. Chenjezo limenelo linali loona. Njira yofunsa oonera tiitenge, ndi yathu, inakulira m'dera lathu lino. Koma funso lofunsalo tisankhe tokha.

Tikamanena gulu la zisudzo loima palokha m'Malawi muno, dzina loyamba ndi la Du Chisiza Jr. Anabadwa mu Malichi 1963, bambo ake a Dunduzu Chisiza, mmodzi mwa omwe anamenyera ufulu wa dziko lino, atamwalira kale pa ngozi ya galimoto ku Thondwe mu Seputembala 1962. Bambo ake aakulu, a Yatuta Chisiza, anaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko muno ndi mfuti kudzalimbana ndi boma la Kamuzu. Ndiye taganizirani mwana wokula ndi dzina limenelo m'nthawi imeneyo. Ali pa sekondale ya HHI ku Blantyre, mu 1982, sewero lake la The Deceased's Attack linapambana pa mpikisano wa zisudzo wa sukulu za m'dziko lonse. Anapita kukaphunzira ku Philadelphia, ku America, ndipo atabwerako mu 1987 anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre, gulu loyamba m'Malawi lomwe anthu ake ankadya kuchokera m'zisudzo. Ankalipiritsa pakhomo, holo inkadzaza. Analemba masewero oposa 20, ena mwa iwo Papa's Empire ndi Democracy Boulevard, ndipo anthu ankapita kukamvetsera zomwe sizikanayankhulika pamsewu.

Nkhani ya Du ili ndi pokhota. Mu 1993 anavomera kukhala nduna m'boma la MCP, boma lomwelo lomwe asilikali ake anapha bambo ake aakulu, ndipo ambiri omwe ankamukonda anagwira pakamwa. Sindine woweruza munthu yemwe anagona kale, anamwalira mu Febuluwale 1999 ali ndi zaka 35 zokha. Ndikungofuna muone kuti ngakhale katswiri wotero mpando unamukoka. Nanga ife, omwe timakokedwa ndi botolo la Fanta ndi banzi? Atamwalira, Gertrude Kamkwatira anatsogolera Wakhumbata, kenako n'kuyambitsa gulu lakelake la Wanna-Do. Ankalemba yekha, kuwongolera yekha, kusewera yekha mpaka pomwe anamwalira mu 2006. Atsikana a m'kalabu muno, dzina limenelo mulisunge, makamaka anyamatawa akamakupatsani mbali yongosesa pabwalo ndi kulira maliro.

Tsopano nkhani zathu n'ziti? Ine ndikuona zingapo zomwe zili m'nyumba zathu koma sizinakwerepo pabwalo kuno. Yoyamba, ndipo ndikhalitsapo pang'ono, ndi ya ku Joni.

Tiyeni tiyese. Amene muli ndi m'bale ku South Africa kwezani dzanja. Mwaona, pafupifupi tonse. Nyumba zambiri zamalata m'midzi yathu, njinga zamoto za kabaza, fizi ya ena mwa inu, zinachokera kumeneko. Tikamaika nkhani ya ku Joni m'sewero timangoika mnyamata wobwera ndi wailesi yaikulu ndi jekete yachikopa, akuyankhula Chizulu chothyokathyoka, ife n'kumaseka. Koma nkhani yeniyeni timaidziwa. Timadziwa za pasipoti yomwe masiku ake anatha kalekale, za munthu woona galimoto ya polisi n'kulowa m'shopu yomwe sanafune kugulamo kanthu, za omwe anatsekeredwa ku Lindela kudikira kubwezedwa kumudzi. Timadziwa za 2008, pomwe anthu oposa 60 anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa obwera, ndi za 2015 ku Durban, pomwe boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu athu, ena n'kufika kuno ndi jumbo lokha m'manja. Timadziwanso za mayi wotsala pakhomo zaka 6, ukwati wake uli pa WhatsApp, apongozi akumuwerengera mapazi.

Ku South Africa komweko, m'nthawi ya tsankho, anthu atatu anapanga sewero lomwe ndikufuna mulidziwe. Dzina lake Sizwe Banzi Is Dead, la mu 1972, ndipo analipanga pamodzi Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona. Osewera ndi awiri basi. Sizwe wachoka kwawo ku King William's Town kukafuna ntchito ku Port Elizabeth, koma chitupa chake chadindidwa kuti abwerere kwawo pasanathe masiku atatu. Usiku wina iye ndi mnzake Buntu apeza mtembo wa munthu m'kanjira, m'thumba muli chitupa chabwinobwino chololeza kufuna ntchito. Buntu akuti tisinthe zithunzi, iwe utenge dzina la wakufayu. Sizwe akukana, akuti dzina langa ndi la bambo anga, ana anga amatchedwa dzina limeneli. Koma ana omwewo akufuna kudya. Mapeto ake alitenga dzinalo, n'kulembera mkazi wake kalata yomuuza kuti Sizwe uja wafa, pomwe wolembayo ndi iye mwini.

Taonani mmene nkhaniyo yagwirira. Mulibe mlangizi wolowa ndi fayilo. Wina mwa inu anena kuti Sizwe anachita bwino, wina anena kuti anadzigulitsa, ndipo mukhoza kukangana mpaka kunyumba. Kani ndi Ntshona anapita nalo mpaka ku New York komwe analandira mphoto ya Tony mu 1975, koma atalisewera ku Transkei mu 1976 anamangidwa. Sindikunena kuti tikope sewero limeneli. Ndikunena kuti Sizwe wathu alipo. Ndi mnyamata wa kuno yemwe ku Johannesburg amati kwawo ndi ku Limpopo, dzina anasintha, ndipo akamva Chiyao m'minibasi amayang'ana kuwindo. Tsiku lina wokhala naye pampando ndi mnzake yemwe anavinidwa naye limodzi ku ndagala. Amupatse moni kapena ayi? Pamenepo ndi pomwe tingaimitse sewero n'kufunsa anthu, monga ankachitira ku Mwima kuja.

Nkhani yachiwiri ndi ya nkhondo. Timakonda kunena kuti Malawi ndi dziko la mtendere, sitinaonepo nkhondo. Pakamwa pokha zimamveka bwino, koma nkhondo inalowa m'nyumba zathu kawiri konse. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 anatengedwa kukhala a tengatenga, kusenza katundu wa asilikali, ena analowa usilikali wa KAR, ndipo ambiri sanabwerere. Chipilala chili ku Zomba chija ndi cha asilikali amenewo. John Chilembwe, asanaukire azungu mu Januwale 1915, analemba kalata kunyuzipepala yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yomwe si yawo. Ndipo obwerako ku nkhondo anabwera ndi chiyani? Anabwera ndi beni. Gule timavina pa zikondwereroyu, wa mayunifolomu, maudindo ndi kuguba, ndi sewero la nkhondo. Makolo athu anatenga perete wa mzungu yemwe ankawakalipira n'kumusandutsa gule wawo, momunyadira komanso momuseka. Analibe bungwe lowapatsa malaya, mayunifolomu anasoketsa okha.

Nkhondo ina ndi ya ku Mozambique, ya Frelimo ndi Renamo, yomwe inatha ndi pangano losainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Anthu oposa 1 miliyoni anathawira m'dziko muno, pa nthawi yomwe Amalawi tonse tinalipo ngati 8 miliyoni. Njanji yochokera ku Nkaya, yodutsa pa Liwonde kukatulukira pa Nayuchi kupita ku Nacala, inaima chifukwa cha nkhondoyo, ndipo asilikali athu anatumizidwa kukailondera. Mtendere utabwera ambiri anabwerera kwawo, koma ena anatsala, anakwatira, anakwatiwa, anapatsidwa malo ndi mafumu. Ena mwa ife m'chipinda chino ndife zidzukulu zawo. Agogo ena mukawafunsa kwawo amangoti kutali, n'kusintha nkhani. Munayamba mwadzifunsapo chomwe chili kuseri kwa mawu amenewo? Mayi yemwe anayenda usiku m'tchire atatseka mwana pakamwa kuti asalire, lero akugulitsa tomato pa Ulongwe, ndipo palibe anamufunsapo.

Ku Dowa, pa msasa wa Dzaleka, pomwe kale panali ndende ya andale ndipo kuyambira 1994 pakukhala anthu othawa nkhondo, achinyamata a ku Congo, Burundi ndi Rwanda ali ndi magulu awo a zisudzo, ndakatulo ndi magule. Mlakatuli wina wa ku Congo wokhala pamsasapo, Menes la Plume, anayambitsa chikondwerero cha Tumaini mu 2014, ndipo anthu amachoka ku Lilongwe kukaonera. Anthu omwe saloledwa ngakhale kukakhala kunja kwa msasa akutha kufotokoza nkhani zawo. Ife tili ndi bwalo la mpira, mthunzi wa mango ndi ufulu woyenda.

Yachitatu ndi ya khungu ndi mtundu, ndipo iyi ndi yoterera. Pa nkhani ya azungu ndi anthu akuda makolo athu anali akatswiri kale. Ku gule wamkulu kuli Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Ku South Africa, mu 1981, Percy Mtwa, Mbongeni Ngema ndi Barney Simon anapanga sewero la Woza Albert!, lofunsa zomwe zikanachitika Yesu akanabweranso n'kufikira m'dziko la tsankho lija. Osewera awiri, mabokosi awiri. Akafuna kukhala mzungu ankangovala kamphuno kofiirira komangirira ndi lasitiki, akavula wabwerera kukhala munthu wakuda. Kamphuno kokhako kankaonetsa kuti ufumu wonse uja unatsamira pa kanthu kopanda pake.

Koma kwathu kuno lero nkhani ya khungu yomwe ikupha anthu si ya mzungu. Ndi ya abale athu achialubino. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 akhala akubedwa ndi kuphedwa, manda awo kufukulidwa, ndipo Machinga ndi limodzi mwa maboma omwe zachitika kwambiri. Mukukumbukira malemu MacDonald Masambuka, yemwe anaphedwa mu 2018. Mu 2022 khoti linapeza anthu 12 olakwa pa mlandu umenewo, ndipo pakati pawo panali wansembe, wapolisi, wachipatala ndi m'bale wake weniweni. M'bale wake, anthuni. Ngati tikufuna sewero la nkhani imeneyi, ndikupempha chinthu chimodzi. Tisatenge munthu n'kumupaka ufa kumaso kuti akhale mwalubino. Tipite kwa anzathu achialubino a m'dera lino, tiwafunse ngati akufuna kuti nkhaniyi iseweredwe, ndipo akafuna, akhale nawo polemba ndi posewera. Akakana, tisiye. Mwini chilonda ndiye amadziwa pomwe pakuwawa.

Pa mtundu napo tidziyang'ane. M'masewero athu, munthu akamayankhula Chichewa chopendekera ku Chiyao, ku Chilomwe kapena ku Chisena, amakhala mbuli ya m'sewerolo. Wanzeru amayankhula Chichewa cha pawailesi chothira Chingerezi. Tinaziphunzira kuti zimenezi? Mu 1968 boma linalamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo ziyankhulo za dziko, zina zonse zinakhala kunja kwa wailesi ndi sukulu, ndipo Chiyao chinadzamveka pa nkhani za MBC pambuyo pa 1994. Manyazi amenewo tinayamwira. Alipo pano omwe kunyumba amayankhula Chiyao ndi amayi awo koma atafika ku sekondale ankanamizira kuti sachimva. Sewero lathu liyankhule mmene timayankhulira pamsika wa Ulongwe, Chichewa ndi Chiyao mosinthana, ndipo wanzeru wa m'sewerolo akhale agogo osadziwa Chingerezi. Msilamu ndi Mkhristu akhalemo ngati anthu, monga tikhalira m'kalabu muno, osati ngati zovala zoseketsa.

Wina anandifunsa panja paja kuti kodi nkhani zolemera chonchi anthu sadzathawa? Anthu amafuna kuseka. Zoona, ndipo tiwaseketse. Malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo, pamodzi ndi gulu lawo la Kwathu, anadzaza maholo kwa zaka zambiri ndi Chichewa chokhachokha, anthu akugwa ndi phwete, koma potuluka ankapeza kuti alasidwa. Sewero la Sizwe lija limayamba ndi wojambula zithunzi wina, Styles, akuseketsa anthu kwa nthawi yaitali ndi nkhani za mabwana ake akale a ku fakitale ya Ford. Ngakhale nkhani ya kundende imatha kuseketsa. A Jack Mapanje, mlakatuli wa kwa Kadango ku Mangochi, anamangidwa pa 25 Seputembala 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka Meyi 1991 osazengedwa mlandu uliwonse. Buku lawo lofotokoza za moyo umenewo, And Crocodiles Are Hungry at Night, linasandutsidwa sewero mu 2012 ndi magulu a Bilimankhwe ndi Nanzikambe, Misheck Mzumara n'kusewera ngati a Mapanje, ndipo linaonetsedwa kuno ndi ku London. Muli zowawa, koma mulinso nthabwala za akaidi ndi nzeru zawo zozembetsera timakalata kunja. Munthu wopirira sakhala akulira tsiku lonse. Amaphika, amanyoza, amakopa, amaseka. Tikamuonetsa akungolira ndiye kuti tamunamizira.

Nanga ndalama? Ndikudziwa a msungichuma akhala akundiyang'ana. Ku Maputo kuli gulu lotchedwa Mutumbela Gogo, lomwe linayamba mu 1986 nkhondo ili mkati, motsogozedwa ndi mayi Manuela Soeiro. Mlembi wa ku Sweden, Henning Mankell, anagwira nalo ntchito zaka zambiri pa Teatro Avenida. Kuti gulu liziyenda, anatsegula bekale pamalo omwewo, ndalama za buledi n'kumathandiza zisudzo. Ife bekale sitingakwanitse, koma mandasi ndi zitumbuwa timatha. Komanso tiwerengere bwino zomwe sewero limafuna. Benchi imodzi ikhoza kukhala basi ya ku Joni, ikhoza kukhala malire, ikhoza kukhala bokosi la maliro. Chitenje chimodzi chikhoza kukhala mtsinje, mwana wobereka kumbuyo, kapena khoma la selo. Zokuzira mawu zobwereka zija, zomwe zimatidyera theka la thumba n'kumalira ngati mphaka, tizisiye. Tiphunzire kutulutsa mawu kuchokera m'mimba, anthu akhale mozungulira pafupi nafe. Pakhomo tilipiritse kangachepe komwe mayi wogulitsa masamba angakwanitse, ana alowe ulere. Munthu yemwe walipira, ngakhale pang'ono, amakhala ndi ufulu wotiuza kuti sewero lanu silinakome, ndipo ife tikufunika kumva mawu amenewo. Bungwe lina likadzaona ntchito yathu n'kufuna kuthandiza, tidzalilandira ndi manja awiri, bola lidzapeze sewero litapsa kale.

Pali zinthu ziwiri zoti tisamale. Choyamba ndi lamulo. Lamulo lounika zisudzo, mafilimu ndi mabuku la mu 1968 silinafe ndi chipani chimodzi. Mu Disembala 2011 Thlupego Chisiza, mwana wa Du, anamangidwa sewero lake la Semo lili mkati ku Blantyre, pa mlandu woonetsa sewero popanda chilolezo cha Censorship Board, ndipo analipitsidwa chindapusa. Sewerolo analilemba ndi Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic yemwe anapezeka atafa mu Seputembala chaka chomwecho. Ndiye akomiti mufufuze ku ofesi ya achinyamata kuboma zomwe zimafunika kuti tionetse sewero lolipiritsa, ndipo kwa amfumu tipite msanga, mwaulemu, tisadzawadzidzimutse tsiku lomwelo. Ndi chaka chilichonse, andale akamva kuti pali gulu la achinyamata lokoka anthu amabwera ndi nsalu zawo. Tiwalandire ngati oonera, alipire pakhomo ngati wina aliyense, koma pabwalo pasakwere mtundu wa chipani.

Chachiwiri ndi eni nkhani. Tikapita kwa agogo omwe anathawa nkhondo, kapena kwa achimwene omwe anabwezedwa ku Joni, sitikupita kukatola nkhani ngati mango akugwa okha. Tiwauze chomwe tikufuna kuchita. Tisajambule mawu awo pafoni asanavomere, ndipo zomwe tajambula zisapezeke pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp. Akafika poti sakufuna kupitiriza, tisawakakamize, tikambe za mvula. M'sewero tisinthe mayina ndi midzi, tiphatikize nkhani za anthu atatu kapena anayi kukhala munthu mmodzi, kuti pasapezeke woloza chala kuti awa akunena a uje. Kuno tonse timadziwana, sewero losasamala likhoza kuthetsa banja la munthu. Ndipo tisanaonetse kugulu, tiyambe taonetsa eni nkhaniwo paokha. Akati apa mwanama, tikonze.

Pa zitatuzi sitingasenze zonse tchuthi chimodzi. Mukandifunsa ine, tiyambe ndi ya ku Joni, chifukwa aliyense pano ali ndi poyambira, ndiponso obwera ku tchuthi cha Khirisimasi adzakhala ali pamudzi, adzakhala m'gulu la oonera, ndipo tikadzaimitsa sewero n'kufunsa kuti mnyamatayu apereke moni kapena ayi, odzayankha adzakhala anthu omwe zinawachitikira. Koma chisankho n'chanu, muvota ndinu.

Chomwe ndikupempha n'chakuti Loweruka likubwerali, 2 koloko masana, aliyense abwere ndi nkhani imodzi yomwe wamva kwa munthu wa pakhomo pake, atamupempha chilolezo. Musailembe ngati chimangirizo cha mayeso. Mudzangoifotokoza m'mphindi zitatu, mwaima, m'chiyankhulo chomwe munaimvera. A mlembi abwere ndi kope, ndipo amene muli pafupi ndi sukulu mutibwerekereko benchi imodzi.

A Wapampando, ndadya mphindi zanu zisanu.